Kaneta yosweka ngati kapu

Kanetayi anandibweretsera ndi alamu anga amene amapita ku Joni. Akuti anaigula kwa Matchaina pa mtengo wosaposa wa nkhuku. Thupi lake ndi ladothi loyera, longa la makapu a tiyi, ndipo anajambulapo chinjoka chabuluu. Dzina lake ndi Jinhao. Ndi yolemera, m'mawa imazizira m'manja, ndipo itati igwe pasimenti, basi kwatha. Tinta, imene anzathu kutsidya amati inki, umachita kuipopa wekha: kuviika nsonga m'botolo n'kupotoza kachubu kam'kati mpaka itakwera.

Anzanga kuwailesi anandiseka. Anati masiku a foni ano, mukufuna kukhala mlembi wa atsamunda? Ndinangokhala chete, chifukwa nkhani yake ena mwa inu mukuidziwa.

Mbali ya ntchito yanga ndi kuwerenga mauthenga a maliro. Anthu amabwera pa njinga kuchokera m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine, thukuta lili kamukamu, n'kunditchulira dzina la malemu, mudzi ndi tsiku loika. Uthengawo umawoloka malire pa Muloza opanda pasipoti. Ambirife tinathawira ku Mulanje nkhondo itafika pa Milange mu 1986, ndipo mtendere utabwera mu 1992 si onse anabwerera. Ena anakwatira konko, ena anaikidwa konko. Inenso kulemba ndinakuphunzira kumeneko, n'chifukwa chake dzanja langa limalemba ch pamene mabuku a ana athu kuno amalemba c.

Tsiku lina madzulo ndinalemba uthenga mothamanga ndi kaneta wamba, nditaimirira, nthawi ya pulogalamu itakwana. Panali mayina awiri ofananako, la malemu ndi la mkulu wawo amene anatuma uthengawo. Pa maikolofoni ndinalephera kuwerenga bwino zolemba zanga zomwe, ndipo ndinalengeza imfa ya munthu wamoyo. M'mawa mwake ana awo anachokera ku Limbuli akulira bambo awo, n'kukawapeza ali khale pasiwa. Ndinapita kukapepesa pamaso pa amfumu. Bambowo sanandikalipire, anangoti, "Mwanawe, mwandipha ndisanadwale." Bola akanandikalipira.

Kaneta yadothiyi sikulola kuthamanga. Ukaikanikiza nsonga imakanyula, ukafulumira imadumpha zilembo. Uyenera kukhala pansi, pepala lili patebulo. Ukamaliza umadikira kuti tinta iume, ndipo pa kamphindi kameneko ndi pamene ndinayamba kuwerengera munthu zimene ndalemba: "Mayi, omwalira ndi awa, otuma uthenga ndi awa, ndalemba bwino?" Kawirikawiri pamapezeka chokonza. Dzina lachilomwe ndalilemba ngati lachinyanja, kapena mudzi ndautchula dzina la mfumu yakale.

Musaganize kuti ndikuitamanda mopitirira. Mapepala a makope otchipa amamwa tinta n'kuonekera kuseri. Mvula ya kuno mukuidziwa. Dontho limodzi lokha, dzina lonse lasungunuka, choncho mauthenga ndimawanyamula m'jumbo. Tinta yake sindinaionepo pamsika wathu, ndipo botolo limene anabwera nalo alamu latsala pang'ono kufika pakati.

Mwana wanga wamkazi akufuna kupita nayo kusukulu kuti anzake akaione. Ndamuuza kuti adikire. Pakali pano imagona m'sokosi yakale m'dirowa ya kuwailesi, ndipo ndimaitulutsa munthu akagogoda ndi uthenga.