Kalata kwa mphwanga pa za dimba la agogo

Kwa Chitukula, Lilongwe

Wokondedwa mphwanga,

Mwendo wa amayi wayamba kupepuka. Uthenga wako ndaulandira. Ndakondwa kwambiri kumva kuti ukufuna kubwera kudzadzutsa dimba la agogo, ulimemo tomato womezanitsa, tsabola ndi anyezi, uikemonso pampu ya sola. Anzako ambiri khasu amalithawa. Koma poti wafunsa chimene dimbalo lagonera zaka zonsezi, ndikuuza, chifukwa nthaka imeneyo yaona zambiri iwe usanabadwe.

Analitsegula ndi agogo aakazi, obala amayi. Madzi ankatunga pachitsime cha m'dambo ndi chidebe, kuthirira mpiru, nkhwani ndi tomato wamng'onomng'ono uja. Ankathira ndowe za m'khola ndi phulusa basi. Mu 1968 boma linayambitsa Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank, kukubwera misewu, mijigo, migula ndi feteleza wa ngongole. Malume aakulu, amene anakakwatira ku Nsaru, nkhani zake sizinkawathera pakamwa. Koma maso a alangizi anali pa chimanga, mtedza ndi fodya. Zamasamba ankati n'za amayi.

Likulu litachoka ku Zomba mu 1975, bwalo la ndege la Kamuzu n'kudzatsegulidwa kufupi ndi Lumbadzi mu 1983, anthu a pantchito anachuluka ndipo masamba a agogo anayamba kubweretsa ndalama. Amuna a pabanja pathu ataona choncho anawalanda mbali yabwino, ya kufupi ndi madzi, n'kuikamo nazale ya fodya chaka ndi chaka. Agogo anapita kumanda ndi chidandaulo chimenecho, ndipo ine chimandiwawabe. Mbali imeneyo ukazula tomato lero upeza mizu ili timibulu tokhatokha. Fodya, tomato, tsabola ndi mabilingano ndi banja limodzi, matenda awo amapatsirana kudzera m'nthaka.

Nthawi ya Bakili kunabwera paprika. Kampani ina inatigawira mbewu ndi malonjezo, bambo n'kudzaza dimba lonse. Anabereka bwino, wofiira kuti psuu. Pa tsiku logula anthu aja anangovundula matumba n'kunena kuti wambiri ndi wa giredi yotsika chifukwa cha madontho, pomwe palibe anatiuza kuti tisayanike pansi. Bambo anabwerera ndi ndalama yosakwana ngakhale ya feteleza. Kenaka njala ya 2002 inatipeza, mbuzi zonse zinapita, manyowa n'kusowa.

Mathiredo pampu anafika kwathu kuno m'masiku a Bingu, nthawi yomwe makuponi a feteleza anayamba mu 2005. Kalabu yathu inalandira imodzi. Tinkapalasa mbandakucha, thukuta lili kamukamu, madzi akuyenda m'ngalande mpaka kumapeto kwa mabedi, ndipo kabichi wa chaka chimenecho anthu amamukumbukirabe. Koma aliyense anakulitsa dimba lake, moti pofika Okutobala zitsime zinali matope, anthu n'kumakanganirana madzi usiku. Pampuyo malume ang'ono anaitenga amvekere akukaikonzetsa, ndipo sinabwererenso. Chimene chinatimaliza ndi kambozi ka Tuta absoluta, kamene kanafika cha m'ma 2016, koboola masamba ndi zipatso. Amayi anati basi, ndatopa.

Tsono za kumezanitsa. Mango ndi malalanje omezanitsa tinawazolowera kale, koma pa mbewu za m'dimba lusoli linayambira ku Japan ndi Korea m'ma 1920, komwe ankamezanitsa mavwende pa tsinde la mphonda pothawa matenda a m'nthaka. Pa tomato umatenga mbande yolimba ku matenda, ya mabilingano kapena ya tomato wina, kuti ikhale mizu, ndi ya tomato amene ukufuna kuti ikhale kumtunda. Zonse zikhale zofanana kunenepa, ngati kamtengo ka machesi. Udule mopendeketsa ndi lezala latsopano, ulumikize, umange ndi kapulasitiki, ndipo uziike pamthunzi pa chinyontho, popanda mphepo, kwa sabata yathunthu. Powokera mfundoyo ikhale pamwamba pa dothi. Ukaikwirira, wakumtunda atulutsa mizu yake ndipo ntchito yonse yapita pachabe. Usayerekeze kumezanitsa pa nthula kapena zomera zina zakutchire zimene sukuzidziwa, zina n'zaululu. Pita ku Chitedze kapena ku Bunda ukafunse mtundu woyenera.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ukulankhula ngati kumezanitsa kuthetsa zonse. Kumateteza ku matenda olowera ku mizu okha: kufota ndi timibulu tija. Tuta, kangaude wofiira ndi chiwawu zidzabwerabe. Tomato akafota masamba akadali obiriwira, dula tsinde uliviike m'tambula ya madzi oyera. Ukaona utsi woyera ukutsika kuchokera podulapo, ameneyo ndi matenda a kufota, ndipo pamenepo kumezanitsa kukuthandiza.

Kodi unamva kuti msuweni wathu wagulitsa munda wa kumsewu kwa anthu a m'tauni? Aikamo kale mpanda wa njerwa, ndipo ndalama wagulira njinga yamoto ya kabaza. Azakhali sakudya naye mbale imodzi. Anyamata enanso akuumba njerwa kumtunda kwa dambo, maenje ali pululu, nkhani ili kwa amfumu. 

Njerwa zimenezo zikukhudza iweyo, chifukwa madzi a dambo akuchepa. Usagule pampu ya sola poona chitsime cha mu Juni. Uchione mu Okutobala, uone chimadzaza msanga bwanji ukachiphwetsa, ndipo kukula kwa dimba kutsatire madzi amenewo. Uzithirira m'mawa, pa tsinde, osati pa masamba, ndipo uphimbire mabedi ndi udzu. Ukalumphitsa masiku kenaka n'kuthira ambiri, tomato amang'aluka kapena kuda kunsi.

Feteleza wakwera mtengo, ndiye yamba ndi manyowa owolerana. Anthu kuno akupanga Mbeya: madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Wokulitsa uthire powokera, CAN uzithira pang'onopang'ono maluwa akayamba. Ukachulutsa urea ukolola masamba. Mbali ya nazale ija uyambe waikamo anyezi, adyo kapena chimanga chachiwisi, ipume.

Ndipo usatenge ngongole chaka choyamba, ndakupempha. Mezanitsa mabedi awiri, ena usiye wamba, uyerekeze wekha. Ulinge tomato wa dzinja: nthawi ya chilimwe aliyense amakhala naye, mavenda a ku Lumbadzi ndi kwa Nsungwi amatchula okha mtengo, koma mvula ikagwa amasowa, ndipo ndi nthawi yomwe kufota kumavuta kwambiri. Tsabola wa kambuzi usalime wambiri usanapeze wogula.

Ukamabwera udzere kwa malume aakulu uwauze ndi pakamwa pako, asadzamvere kwa ena, kenaka tidzapite limodzi kwa amfumu kukaonetsa malire. Amayi akuti uwagulire mafuta opaka mwendo aja. Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine mkulu wako.