Kompyuta ya a mlembi inkakumbukirabe keyala yakale

M'makomo ena ku Ntengo-Wambalame muli makompyuta akale, ogula kwa maofesi amene anagula atsopano. Kuyaka amayaka, kulemba amalemba, koma pa intaneti amangoti duu. Eni ake amafulumira kunena kuti makinawo afa.

Zinatero kwa mkulu wina, mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere. Kompyuta yao ya Windows 7 anaigula ku ofesi ina ku Ulongwe. Mwana wao atawagulira kabokosi ka intaneti kolowetsamo khadi la Movitel, mafoni onse apakhomo analowa, koma kompyuta yokha, ngakhale anailumikiza ndi chingwe, inakana. Ogula a ku Tete nawo ankafuna mndandanda wa matumba ndi maina a alimi sabata lomwelo. A mlembi anayamba kufunsira mtengo wa thole lao kuti agule kompyuta ina.

Mwana wa mlongo wao, amene amaphunzira ku Tete, anaiyang'ana pang'ono nati: "Amalume, tholelo lisiyeni m'khola. Matenda ake ndi a keyala basi."

Tsono nkhani ya keyala ili motere. Chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa kabokosi chimakhala ndi keyala yake, manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, monga 192.168.1.20. Kawirikawiri kabokosiko ndiko kamagawa makeyala, monga nyakwawa igawira malo. Koma m'maofesi ena akatswiri amailemba okha keyalayo kuti isamasinthe. Kompyuta ikachoka kumeneko imapita nayo. Ya a mlembi inali ndi keyala yoyamba ndi 192.168.1, pamene kabokosi katsopano kanali pa 192.168.8.1, monga timabokosi tambiri ta Huawei. Amene anathawira nkhondo ku Ntcheu ndi ku Dedza, nabwerera mtendere wa 1992 utadza, akudziwa kuti kalata yolembedwa keyala ya kumsasa sinkampezanso munthu kumudzi.

Mnyamatayo anatsegula Control Panel, nalowa pa Network and Sharing Center, kenaka pa Change adapter settings. Anasankha chingwe cha kompyutayo, nadina Properties, ndiyeno Internet Protocol Version 4. Asanakhudze kanthu analemba manambala akale onse m'kope la amalume ake, kuti zikavuta abwezeretse. Atatero anasankha mizere iwiri youza kompyuta kuti keyala ndi DNS izilandira yokha kuchokera ku kabokosi. Pa makompyuta a Chipwitikizi maina ndiwo amasiyana, malo ake ndi omwewo. Sipanapite mphindi zisanu intaneti inalowa, mndandanda unapita ku Tete madzulo omwewo, thole linagona m'khola.

Pali ena amene amafunabe keyala yosasintha, makamaka ngati kompyutayo ndiyo igwira makina osindikizira a nyumba yonse. Otere aonetsetse kuti manambala atatu oyamba akufanana ndi a kabokosi, yomaliza ikhale yosiyana ndi ya chipangizo china chilichonse. Zipangizo ziwiri zikakhala ndi keyala imodzi zimalimbana ngati atambala awiri m'chipanda chimodzi. Pa subnet mask alembe 255.255.255.0, pa gateway alembe keyala ya kabokosi. Keyalayi nthawi zambiri imalembedwa pa kapepala komata pansi pa kabokosiko.

Zikakanabe, tsegulani cmd ndi kulemba ipconfig. Mukaona keyala yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti kompyuta yapempha keyala koma sinayankhidwe. Pamenepo yang'anani chingwe, mwina chadyedwa ndi makoswe, ndipo zimitsani kabokosi ndi kukayatsanso. Onaninso ngati m'khadi muli ndalama, pakuti keyala yabwino siigula mamega.

Chenjezo limodzi lokha, abale. Kampani ya Microsoft inasiya kutchinjiriza Windows XP mu April 2014, ndipo Windows 7 mu January 2020. Makompyuta otere ndi abwino polemba makalata ndi kusunga maina a alimi, koma nkhani za kubanki ndi manambala achinsinsi asalowemo. Ndipo musanagulitse chiweto chifukwa cha makina, yambani mwafunsa mwana wasukulu wapafupi. Safunsa anadya phula.