Pesilipi ya Atate Ndi Ukonde

Anzanga acinyamata, kodi munagwirapo fomu yopemphera thandizo la maphunziro, n'kufika pa funso limene kwanu kulibe yankho lake? Ine zinandionekera.

Kwathu ndi ku Luangwa, kumene akuluakulu amakuchabe kuti Feira, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Atate ndi msodzi, amai amasoka mphasa. Mu 2023 ndinapeza malo pa koleji ina ku Lusaka kuti ndikaphunzire zamagetsi, koma ndalama panalibe. Ndinatenga fomu ya bungwe lina lothandiza ophunzira. Fomuyo inafuna umboni wa ndalama zimene makolo amapeza: pesilipi kapena pepala la msonkho. Nditawawerengera atate, anaseka nati, "Mwanawe, pesilipi yanga ndi ukonde. Msonkho amandidula ndi ng'ona."

Ine sindinaseke. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti ndibwereke pesilipi ya amalume, amene ndi aphunzitsi, ndi kuwalemba ngati atate. Kunena zoona, ndinapita kukaipempha. Amalume anandiyang'ana nati, "Mphwanga, pepala langa lidzaonetsa kuti kwanu kumalowa malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo thandizo lidzapita kwa wina. Bodzalo likaululika, utaya ndi malo omwe." Ndinacita manyazi kwambiri.

Ndiwo anandifotokozera kuti msonkho wa PAYE umadulidwa pa malipiro a anthu olembedwa nchito, ndipo bwana ndiye amaupereka ku ZRA. Msodzi wa bwato limodzi alibe bwana, conco alibe pesilipi. Umenewu si mlandu ai. Cofunika ndi kupeza anthu odalirika ocitira umboni za umoyo wa pakhomo panu.

Ndinayamba kwa anyakwawa, amene analemba kalata yonena nchito ya makolo anga. Ahedi a sukulu yanga yakale analembanso yao. Kenaka ndinapita ku ofesi ya Social Welfare pa Boma, kumene anandifunsa za banja lathu ndi kulemba lipoti. Ndinadinditsanso makope a NRC yanga ndi ya atate. Zonsezi zinanditengera milungu itatu, njinga yobwereka ndi dzuwa la m'cigwa limene mulidziwa.

Bungwe lija silinanditenge. Ndinalira, koma mapepala anga sanapite pacabe. Mu 2022 Boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo mbali ina ndi yolipirira ana a sekondale ya boding'i ndi ophunzira nchito zamanja. Ndinapereka pempho kupyolera mu komiti ya citukuko ya wadi yathu, ndipo dzina langa linatuluka.

Inu amene mufuna yunivesite, khomo lanu ndi HELSB, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 m'malo mwa Bursaries Committee. Koma dziwani kuti imeneyo ndi ngongole, mudzabweza mukatsiriza maphunziro.

Tsono anzanga, musadikire zotsatira za Giredi 12 kuti muyambe kusonkhanitsa mapepala. Tengani NRC msanga. Ngati ndinu amasiye, sungani bwino zikalata za imfa ya makolo. Mukafika pa funso la pesilipi, lembani poyera kuti "msodzi" kapena "mlimi", muikepo makalata a umboni. Ine ndinalemba "msodzi", ndipo fizi yanga inalipiridwa.