Atlanta: khomo la makontirakiti litatseguka, analowa ndani?

Ulendo wanga wa ku Atlanta unayambira pa bwalo la ndege la Hartsfield-Jackson, pomwe pamadutsa anthu oposa 100 miliyoni pachaka. Dzina lachiwirilo ndi la Maynard Jackson, wakuda woyamba kukhala meya wa mzindawu, amene anasankhidwa mu 1973. Nthawi imeneyo akuda anali atapitirira kale theka la anthu a mumzindamo, koma makampani awo ankangonyambita ndalama zosakwana 1 peresenti ya makontirakiti a khonsolo. Jackson ananenetsa kuti pomanga nyumba yatsopano ya bwaloli, 25 peresenti ya ntchito ipite kwa makampani a akuda ndi a mitundu ina yosalidwa, apo ayi ntchito iime. Eni makampani akuluakulu anakalipa, koma nyumbayo inatsegulidwa mu 1980. Zimene ndinaona m'misewu ya mzindawu zinanditsimikizira kuti pa bizinesi ya zomanga zikuluzikulu luso ndi khama sizikwanira. Pamafunika malo, ngongole ndi kontirakiti, ndipo zitatu zonsezi akuda a ku America anawatsekera mwadala.

Ndinakwera sitima ya MARTA mpaka pakati pa mzinda, n'kutsika wapansi msewu wa Auburn Avenue. Amene amati akuda analibe mutu wa bizinesi akayende kaye mumsewu umenewu. Alonzo Herndon anabadwa kapolo mu 1858, anayamba ndi kumeta anthu tsitsi, anagula nyumba zalendi zambirimbiri, ndipo mu 1905 anayambitsa kampani ya inshulansi ya Atlanta Life. Banki ya Citizens Trust inatsegulidwa mu 1921 kuti izibwereketsa ndalama kwa anthu amene mabanki a azungu ankawabweza pakhomo. Koma chuma chonsechi chinali ndi malire ake. M'zaka za m'ma 1930 nthambi ya boma inajambula mapu a mizinda, madera a akuda n'kuwapaka utoto wofiira kutanthauza kuti kubwereketsako ndalama n'kutaya. Nyumba yosalandirika ngati chikole singaberekere mwini wake nyumba ina. Kenako boma linadutsitsa msewu waukulu wa I-75 ndi I-85 pakati penipeni pa Auburn, ndipo lero munthu amayenda pansi pa mlatho wake, magalimoto akulindima pamwamba, kuti achoke mbali ina ya msewu womwewo kupita mbali inayo.

Kumadzulo kwa mzinda, ku Castleberry Hill, dzina limene limamveka ndi la Herman J. Russell. Bambo ake anali mmisiri wa pulasitala. Herman ali ndi zaka 16 anagula puloti pa mtengo wa madola 125, n'kumangapo nyumba ya mabanja awiri yomwe lendi yake inamuthandiza kulipira fizi ku koleji ya Tuskegee. Pamene Jackson ankalowa mu ofesi, Russell anali kale kontirakitala wodziwika, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika. Lamulo la meya silinamuphunzitse kumanga. Linangomufikitsa pa ntchito zimene kale sakanaloledwa n'komwe kupikisana nawo. Pa zomanga, kampani ya inshulansi singakuimirire pa ntchito ya madola 100 miliyoni ngati sunamalizepo ya 50 miliyoni, ndipo ya 50 miliyoniyo sungaipate popanda wokuimirira. Njira yothyolera msampha umenewu inali kugwirizanitsa kampani yaing'ono ndi yaikulu pa kontirakiti imodzi. Kuchokera pamenepo kampani ya H.J. Russell inagwira nawo ntchito pa bwalo la ndege lija, pa bwalo la masewero la Georgia Dome, mpaka pa nyumba yosungira mbiri ya akuda ku Washington yomwe inatsegulidwa mu 2016, patatha zaka ziwiri mwini wake atamwalira.

Otsutsa amati uku kunali kukondera, ndipo boma siliyenera kuyang'ana khungu pogawa ntchito. Mawuwa ali ndi mphamvu, moti mu 1989 khoti lalikulu la dzikolo linathetsa lamulo la mzinda wa Richmond lopatula 30 peresenti ya ntchito, ponena kuti mzinda uyenera kuonetsa kaye umboni wa tsankho la m'dera lake. Umboniwo ku Atlanta sunali wosowa. Mu 1988, patatha zaka 20 tsankho pa nyumba litaletsedwa ndi lamulo, mtolankhani Bill Dedman anafufuza mabuku a mabanki n'kupeza kuti madera a azungu ankalandira ngongole za nyumba kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi madera a akuda opeza ndalama zofanana. Kukondera kunalipo kalekale, kungoti kunkachitika mwakachetechete, m'maofesi a mabanki ndi m'makalabu momwe mabwana ankagawirana ntchito. Zoti makampani ena a azungu ankangoika wakuda patsogolo ngati chikwangwani n'zoona, koma chinyengo chotere chimathetsedwa poyendera mabuku, osati potsekanso khomo.

Funso lovuta kwambiri ndinakumana nalo ku Centennial Place, pafupi ndi likulu la Coca-Cola. Pamalopa panali nyumba za boma za Techwood Homes za mu 1936, zomwe zinagwetsedwa pokonzekera masewero a Olympics a 1996. Malowa anamangidwanso ndi kampani ya Integral ya Egbert Perry, mbadwa ya ku Antigua amene anakulira mu kampani ya Russell, mogwirizana ndi kampani ina. Nyumba zake n'zaudongo, olemera ndi osauka anaziika moyandikana, sukulu ili pomwepo. Koma mwa mabanja amene anasamutsidwa, ambiri akuda, anabwerera ndi ochepa chabe. Chimodzimodzi pa bwalo la masewero la Mercedes-Benz la mu 2017: kampani ya Russell inamanga nawo, koma matchalitchi awiri akale a akuda, Friendship Baptist ndi Mount Vernon Baptist, anagulidwa n'kugumulidwa, ndipo ku Vine City, kutsidya kwa msewu, ndinadutsa mapuloti opanda kanthu ndi nyumba zokhomedwa matabwa m'mawindo.

Zimenezi sizinandichititse kuganiza kuti Jackson analakwitsa. Iye anakonza nkhani ya kontirakiti, yomwe inali m'manja mwa khonsolo, ndipo zotsatira zake zikuoneka ndi maso. Malo ndi ngongole zinatsala m'manja mwa mabanki ndi eni chuma. Mmisiri amene wamanga nyumba ya mwini amalandira zake kamodzi n'kunyamula zida. Amene amadya lendi zaka 40 ndi mwini puloti. Russell ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankagula malo ku Castleberry Hill pamene ena ankathawako, n'kumangapo nyumba zogona, hotelo ndi malo odyera a Paschal's. Nyumba yomwe inali likulu la kampani yake pa Fair Street banja lake linaipereka kuti ikhale malo ophunzitsirapo ndi kuthandizirapo akuda amene akuyamba bizinesi.