Kupeta ziwerengero za malonda

Amandiwawitsa mtima anyamata amene akudzitcha akatswiri a zamalonda masiku ano. Amatsitsa pa intaneti ziwerengero za kukasitomu, n'kujambula magirafu okongola, mawa lake lipoti latha, pamtengo wa theka la wanga. Owatuma amakondwa poti nambala ya katundu wopita kunja yatuluka yonenepa.

Nambala imeneyo ndi mphale yosapeta. Mu 2010, ofufuza Yuqing Xing ndi Neal Detert anaonetsa kuti iPhone yochoka ku China inkalembedwa pafupifupi madola 179, pamene ntchito yolumikiza zipangizo kumeneko inali ya madola 6.50 okha. Zipangizozo zinkachokera ku Japan, Germany, South Korea ndi kwina. Ntchito yanga ndi kupeza chimene dziko laikapo lokha.

Mayi amene anandiphunzitsa sankalola kuti ndikhudze kompyuta ndisanadzaze ndi pensulo tebulo la Leontief, losonyeza zolowa ndi zotuluka m'gawo lililonse la chuma. Mzere uliwonse unkayenera kugwirizana ndi mzati wake. Ukasiyana pang'ono, ankakubwezera pepala osakuuza polakwika, iwo n'kumapitiriza kumwa tiyi wawo. Ankaumirira kuti munthu amene sanaimepo pageti la fakitale n'kuona zolowa ndi zotuluka asayerekeze kulemba za fakitaleyo. Mpaka lero nambala ikandikayikitsa, ndimayamba ndafunafuna pensulo.

Povuta penipeni ndi pa katundu wolowa. Akasitomu amakuuza kuti dizilo ndi feteleza zalowa zochuluka bwanji, koma sakuuza wazigwiritsa ntchito. Dizilo wapita kumunda wa fodya, kufakitale ya shuga kapena m'minibasi? Aulesi amangogawa mofanana paliponse, ndipo gawo la mlimi wa fodya limatuluka labodza. Ine ndimayenda, kupempha mabuku a makampani, kudikirira pabenchi. Ndiye pali kusamvana kwa maiko: wogulitsa amalemba mtengo wa padoko lake, wogula amaphatikiza mayendedwe ndi inshulansi, ndipo katundu wongodutsa ku Durban nthawi zina amalembedwa ngati wa ku South Africa. Kuyanjanitsa zimenezi kumadya miyezi.

Chiyambire 2013 pamene mabungwe a OECD ndi WTO anatulutsa nkhokwe ya TiVA, yosonyeza chimene dziko lililonse laikapo lokha pa katundu wopita kunja, makasitomala amandifunsa kuti alipirirenji zinthu zopezeka ulere. Ndimawauza atsegule okha aone ngati fakitale yawo ilimo. Amabwerera, koma amanenererabe mtengo.