Za Mfumu Yodziwa Kuleka

Ambiri a ife tiyesa kuti mfumu yamphamvu ndiyo yocurukitsa malamulo. Koma anzeru akale a ku China, akutsata ciphunzitso ca Laozi, anaganiza mwina. Iwo anali ndi mau akuti wu wei, ndiko kunena kusacita mokakamiza: wolamulira aleke zinthu ziyende m'njira yace, asazikoke ndi dzanja.

Nzeru iyi inayesedwa. Ufumu wa Qin, umene unalemetsa anthu ndi thangata ndi zilango zowawa, unagwa m'caka ca 206 asanabadwe Kristu, utagwira China yense zaka 15 zokha. Pambuyo pace mafumu a Han, Wen ndi Jing, anapeputsa msonkho wa m'munda kufikira limodzi la magawo 30, ndipo nkhokwe zinadzala.

Ndi kwathu kuno tinaziona. M'caka ca 1896 Boma la Angerezi linamuka ndi mfuti kwa Gomani, nilimupha. Koma m'caka ca 1904 Bwanamkubwa Alfred Sharpe anafika ku Ekwendeni wopanda gulu la nkhondo, nakhala pansi pamodzi ndi mafumu a Angoni a ku Mzimba. Anapangana kuti mafumuwo asunge ulemu wao, ndipo mwazi sunakhetsedwa. M'caka ca 1915 Boma lomwelo linafuna amtengatenga a kunkhondo; Inkosi Chimtunga inakana, nicotsedwa pampando. Dzanja litalemera, kumvana kunatha.

Koma tisayese kuti kuleka kumene ndiko ulesi. Ife a ku Chikangawa tidziwa nkhalango ya paini ya pa Viphya, imene inabzalidwa pa mahekitala 53,000. Wosunga mitengo sakoka nsonga kuti mtengo ukule msanga. Alambula njira zochinga moto cisanafike cilimwe, adulira nthambi, naleka zotsalazo kwa mvula ndi nthaka. Kumene njirazo zinalekeka, moto unanyeketsa nchito ya zaka zambiri. Kumeneko ndiko kunyalanyaza. Nzeru ndiyo kudziwa pogwira ndi poleka.

Momwemonso ndi mtima wa munthu. Timadzibvutitsa ndi kufulumira, ndi kufuna kuoneka olungama lero lomwe, ndipo m'kati mwathu mulibe mpumulo. Madzi a matope sayera pakuwatakasa, ayera pakuwakhazika. Cifukwa cace inu mafumu, aphunzitsi ndi akuru a pabanja, musanaonjeze lamulo lina, yambani mwadzifunsa ngati cinthuco sicikadakula bwino mutacotsapo dzanja lanu.