Kuno dzina la Afilisti ndi chitonzo

Abale anga a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, ndikudziwa kuti pano mukupsa. Novembala wa kunsi kwa phiri sanyengerera munthu. Mchenga ukuwotcha mapazi, nyenje zikulira tsiku lonse, ana ali pansi pa mitengo ya mango, akuluakulu maso ali kumitambo ya ku Dedza kudikira mvula yobzalira. Kuno ku Leeds, kumpoto kwa England, palibe amene amadikira mvula. Imangowaza tsiku ndi tsiku, yopanda bingu, yopanda fungo la dothi, ndipo ikamati 4 koloko madzulo kunja kwada kale. Ukaweruka umangolowa m'nyumba, kuyatsa hita, chipangizo chotenthetsera m'chipinda, n'kukhala duu wekhawekha. Wa khomo loyandikana nalo sabwera kudzapempha mchere, ndipo mawu oti odi sindinawamvepo pakhomo panga.

Munthu wopanda wocheza naye amasunga mawu a anthu n'kumawalingalira usiku. Tsiku lina kuntchito, mayi wina amaitanira anzake ku gallery, nyumba imene amapachikamo zojambula kuti anthu azidzaona. Bambo wina anakana, akuti bola akaonere mpira. Mayiyo anaseka n'kumutcha philistine. Ine mtima unagunda, chifukwa Afilisti ndimawadziwa kuyambira ndili mwana m'tchalitchi cha ku Mua: anthu a Goliati, amene anamukolowola maso Samsoni. Koma m'Chingerezi cha lero, akalemba dzinali ndi chilembo chaching'ono, amanena munthu wosasamala za luso, wosawerenga mabuku, wongoganiza za ndalama ndi mimba yake. Ambiri amene amalitchula saganizako n'komwe kuti ili linali dzina la mtundu wa anthu okhala ndi mizinda, mafumu ndi manda a makolo awo.

Dzina lawo lakale kwambiri lili pakhoma la kachisi wa Medinet Habu ku Egypt, pamene Farao Ramesses III analembetsa za nkhondo yake ndi anthu odzera panyanja, cha m'ma 1175 Yesu asanabadwe. Pamenepo akutchedwa Peleset, ndipo anawasema atavala zisoti zooneka ngati nthenga zoimirira. Nditaona chithunzicho ndinakumbuka madoda a kwa Kachindamoto atavalira ngoma. Pambuyo pa nkhondoyo anakhazikika m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean m'mizinda isanu: Gaza, Ashkelon, Ashdod, Ekron ndi Gath. Anali anthu a kuchigwa cha kunyanja, ndipo amene analemba mbiri yawo anali adani awo a kumapiri.

Chitonzocho chinafika mochedwa, chinadzera ku Germany. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ophunzira a payunivesite ya Jena ankatcha anthu wamba a m'tauni Philister, kusonyeza kuti iwo ophunzira ndiwo osankhidwa, enawo ndi adani a nzeru. Ku England amene analifalitsa kwambiri ndi Matthew Arnold, m'buku lake la Culture and Anarchy la mu 1869, m'mene anapereka dzinali kwa anthu a malonda ndi mafakitale, olemera m'thumba koma osalabadira zokongola. Mizinda ngati uno wa Leeds, umene unakula ndi mafakitale a nsalu za ubweya, inali yodzaza ndi anthu amene iye ankawanenawo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti eni dzinawo sanali otero. Ofukula zakale apeza miphika yawo yojambulidwa mbalame ndi nsomba, ya utoto wofiira ndi wakuda. Ku Ekron anapezako malo oyengera mafuta a azitona opitirira 100. Ngakhale Baibulo lenilenilo, pa 1 Samueli 13, limavomereza kuti Aisraele analibe osula zitsulo, moti ankatsikira kwa Afilisti kukanoletsa makasu ndi nkhwangwa zawo. Mfumu Nebukadinezara itawononga Ashkelon mu 604 Yesu asanabadwe, mtunduwo unayamba kuzimirira, ndipo sipanatsale wowayankhulira.

Ife a ku Mua nkhani yotere si yachilendo. Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni mu 1902, gule wamkulu anali mdani wawo, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano wa mishoni ndi dambwe unakula zedi. Agogo athu ankatchedwa akunja, anthu a mumdima. Koma pamalo omwewo, mu 1976, Bambo Claude Boucher, amene tonse timawadziwa kuti Achisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni, ndipo lero m'nyumba yake yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ife mwayi wathu ndi woti tinalipo, ng'oma sizinaleke kulira, mpaka otinyoza anasintha maganizo.

Abale athu amene anapita ku Joni amadziwa kuwawa kwa dzina loti makwerekwere. A ku Zimbabwe, ana a anthu amene anakumba migodi ndi kulima mafamu a kumeneko, anakula akutchedwa Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Nafenso si oyera m'manja. Alhomwe takhala tikuwaitana ndi dzina limene iwo salifuna, ndipo Akafula timangowakumbuka m'nthano zoseka kufupika kwawo, chonsecho zina mwa zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO inazilemekeza mu 2006, zinachokera m'manja mwawo.

Ku gallery kuja ndinapitako. Zojambula n'zokongola ndithu, sindinganame. Koma anthu amayenda mwakachetechete, manja kumbuyo, osagwira kanthu, osalankhulana, kenako aliyense n'kukagula tiyi wake n'kumwa yekha. Ndinatuluka ndili wosungulumwa kuposa m'mene ndinalowera. Kwathu luso silikhala pakhoma lokha. Lili m'manja mwa amayi oumba mbiya, mwa abambo oluka madengu ndi mphasa m'mbali mwa msewu wa M5, mwa anyamata osema ziboliboli pansi pa mtengo, ndipo gule akatuluka pabwalo mudzi wonse umayankha nyimbo. Wina atati ayese anthu ndi muyeso wa kuno, mayi anga amene sanalowepo mu gallery angawatche philistine, pamene nyimbo za chinamwali zonse zili m'mutu mwawo.

Madzulo amenewo ndinagula fish and chips, nsomba yopanda mutu ndi minga yokazingidwa mu ufa pamodzi ndi mbatatesi, chakudya chimene eni dziko amachinyadira. Imakhutitsa, koma pakamwa pamatsala mafuta okhaokha. Mtima wanga unali pa usipa wofutsa wa tomato, therere la chidede ndi nsima ya mgaiwa, tikudyera pamphasa anthu asanu mbale imodzi, ndi phala la malambe la m'mawa. Ufa umene timagula m'masitolo a anthu a ku West Africa ndi ku Asia umaphikika, koma sukoma ngati wa kuchigayo cha pa Golomoti. Wina wa kwathu akamabwera kuno, mumupatsireko utaka wouma bwino ndi ufa wa malambe. Ndipo ana asukulu akatsekera, muwatengere ku Chamare akaone zigobazo ndi maso awo, muwauzenso dzina la chilichonse ndi mwambo wake.